Mpata wa Zala Ziwiri

Ine ndimasunga makiyi a chipinda cha zipangizo
kuno ku Domwe, komwe tikumanga nyumba ya amayi oyembekezera.
Sindisenza njerwa. Ndimalemba.
Cholowa ndilemba, chotuluka ndilemba
m'buku la chikuto chofiira lomwe simenti yalidya m'mphepete.

Lachiwiri lole ya Yotamu inadutsa pa Kalomwe
itanyamula mafelemu a zitseko khumi ndi awiri ochokera ku Dedza.
Tinatsitsa tikuseka.
Faustino anaimika loyamba pakhomo la chipinda chochiliramo
ndipo linaima ngati mlendo amene odi wake sanayankhidwe:
kumanzere lagunda khoma,
kumanja mpata wa zala ziwiri,
mphepo ya Juni ikulowa osalipira.

Anselimo, kapitawo wathu, anatulutsa tepi.
Khoma silinalakwe.
Yotamu anatulutsa lisiti.
Felemu silinalakwe.
Wowotcherera wa ku Dedza anawerenga mainchesi,
wojambula pulani ku Maputo analemba mamilimita.
Onsewo ndi amisiri oona, ana awo amadya za thukuta,
koma sanaonanepo,
ndipo manambala awo sanapatsanepo moni.

Sikoyamba.
Chitsulo chimodzi chomwechi cha m'maziko
chili ndi maina anayi m'buku mwanga:
la Chipwitikizi pa pulani,
la Chingerezi pa lisiti la ku Joni,
lachitatu lili pa mtolo, m'zilembo zonga tinyumba ta mazenera
zomwe pano palibe angazitchule,
lachinayi ndi la Faustino, amene amangoti, "chonenepa chija."
Mwezi watha mpopi ndi paipi zinakana ukwati,
mazinga osiyana,
madzi n'kuchezera kulira pansi mpaka tambala.

Lachisanu kunabwera injiniya Erimelinda pa njinga yamoto,
fumbi la ku Ulongwe lili m'nsidze.
Sanakalipe.
Anakhala pa matumba a simenti, natsegula kompyuta pamaondo.
Anati kuli anthu a m'maiko ambiri
amene atha zaka akukangana za chitseko:
chimayambira pati, chimathera pati,
kodi felemu ndi mwana wa chitseko kapena wa khoma,
ayeze kuchokera mkati kapena kunja.
Akagwirizana, amachipatsa nambala imodzi
yoti aliyense, kaya alankhula chiyani kwawo,
akaiona aone chinthu chomwecho.

Ndinaseka ndithu.
Akuluakulu a mataye, ndege, mahotela,
nkhani yake chitseko!
Kenaka mphepo inaliza mluzu pampata paja
ndipo kuseka kunandithera m'kamwa,
chifukwa mwana wanga woyamba anabadwira m'chipinda chozizira chotere
ndipo sanaone mvula yoyamba.

Usiku umenewo ndinagula makandulo awiri.
Ndinajambula mzere watsopano m'buku, kumanzere kwa maina onse,
ndipo m'menemo ndinakopera manambala a Erimelinda,
msomali ndi yake, lata ndi yake, mchenga wosefa ndi yake.
Dzina la Faustino la chitsulo sindinalifafanize.
Ndinangoliika pambali pa nambala
kuti chonenepa chija chidziwe abale ake.

Tsamba lina ndinang'amba, ndinapatsa Yotamu
akapereke kwa wowotcherera uja kuseri kwa malire.
Sindimudziwa nkhope.
Akuti ndi wamfupi, ali ndi chipsera cha moto padzanja,
ndipo atawerenga anangoti, "Bwanji osanena kale?"

Mipata khumi ndi iwiri ija Faustino anaitseka ndi dothi la simenti.
Penti ikadzapakidwa palibe adzadziwe.
Dzulo mayi wina wapakati, dengu la kachewere lili pamutu,
anaima pampanda kufunsa kuti titsegula liti.
Ndinati posachedwa.

Chatsala chitseko chachikulu cha kumaso.
Taitanitsa ndi nambala yokha, popanda dzina.
Lole ifika Lolemba, msewu ukalola.
Ndidzakhala pomwepo potsitsa,
zala ziwiri zili m'thumba, zikudikira.