Kaukonde M'mphechepeche mwa Wumbei

Ku Tamale mphepo ya m'chipululu yafika,
fumbi lalowa mpaka m'kabati ya thonje.
Ndinalipukuta kawiri m'mawa umenewo
ndisanaitane dzina loyamba pamndandanda.

Wumbei Napari, wonyamula zilazi pamsika wa Aboabo.
Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akubwezera matumbo m'mimba
ndi chikhatho chake, kuseri kwa lole,
ngati munthu wokankhira nkhuku m'dengu,
kenako n'kusenzanso thumba lina.

Jakisoni mmodzi, ndinamuuza,
theka la ola mpeni usanakhudze khungu.
Mmodzi basi?
Anandiyang'ana ngati ndamubera chenje.

Dokotala Azindoo anayala kaukonde
kosaposa dzanja la mwana wasukulu,
n'kukasokerera pomwe mnofu unaperepeseka,
chigamba pabondo la thalauza.
Ndinawerenga thonje, linakwana.
Ndinawerenga singano, zinakwana.
Zosaoneka ndi maso sindidziwa kuziwerenga.

Kaukonde kalibe magazi.
Sikamva kuwawa, sikaitana thandizo.
Tizilombo tikakapeza timamangapo misasa,
mankhwala n'kumangozungulira kunja kwa mpanda
ngati wokhometsa msonkho pakhomo lokiya.
Izi sindinamuuze.
Ndinangoti bala lisanyowe, usanyamule kanthu,
ubwerenso Lachiwiri.

Anabwera Loweruka, panjinga yamoto ya mphwake,
akuyenda motangadza,
thupi likutentha ngati lata masana.
Nditamatula bandeji
m'mbali mwa ulusi munali psuu,
ndipo pakona, kadontho kachikasu kakusuzumira.

Mkazi wake Memunatu anamasula mfundo ya nsalu.
Makapisozi ofiira ndi achikasu, khumi ndi anayi,
ogula kwa mnyamata wa pasiteshoni ya basi.
Sitinagone tulo, mayi, tamupatsa atatu patsiku.
Mutu ukawawa amamwa omwewa.
Msana ukawawa, omwewa.
Chaka chamvula yambiri chija ngakhale mbuzi tinaipatsako.

Ndikanakalipa.
Koma ndinaona mmene anawagwirira,
ngati ndalama yomaliza ya m'nyumba,
ndipo inalidi yomaliza.

Dokotala anadula ulusi uwiri,
mafinya anatuluka osakwana supuni.
Analowetsa kachitsulo pang'onopang'ono
kufufuza ngati chilonda chili ndi pansi,
chipinda chonse chili zii,
fani yokha ikukukuta mano kudenga.
M'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri,
koma kaukonde kakaola timabwereramo,
kukakazula pamodzi ndi mnofu womera m'maso mwake.

Sichinafike, anatero.
Chathera pamafuta a pansi pa khungu.
Memunatu anakhala pansi pasimenti pomwepo.

Patatha masiku atatu pepala la kulabu linabwera.
Kachilomboko kamawadziwa makapisozi aja
monga galu adziwa mwala wa mwana wosalasa.
Tinasintha mankhwala.
Koma chimene chinatseka bala lija, ndikuganiza ine,
ndi madzi amchere, thonje loyera, m'mawa uliwonse,
ndi manja osambidwa mpaka m'zigongono
ngakhale tsiku lomwe mpopi unauma
tikutunga m'chigubu.

Pa tiyi madokotala amatsutsanabe.
Wina akuti jakisoni uja asamaphonyedwe.
Wina akuti bala loyera, mwa munthu wamphamvu,
silifuna mankhwala, lifuna chipinda chopanda fumbi,
ndipo mankhwala tikamamwaza ngati mapira
tsiku lina tidzaitana, osayankhidwa.
Ine ndimangolemba m'kaundula wachikuto chobiriwira:
dzina, ola la jakisoni, tsiku lachisanu ndi chiwiri,
louma kapena lonyowa.

Mwezi watha ndinapita ku Aboabo kukagula tomato.
Wumbei anandiona patali,
anatula thumba, n'kuyamba kumasula lamba
pakati pa anthu, kuti ndione chipsera.
Ndinati basi, basi, ndakhulupirira.
Anaseka, n'kundiikira zilazi ziwiri m'chikwama.

M'thumba la malaya ake, pachifuwa,
munkaonekera kapepala ka pulasitiki,
mofiira ndi mwachikasu.