Mayiko a m'kope la Enelesi

Enelesi wandipatsa kope, akuti ndimufunse,
mayeso a Sitandade 8 ndi mkuja.
Ndapukutira girisi pa thalauza, ndayatsa tochi ya foni.
Njinga yagona chagada pakhonde, tcheni ndaviika m'palafini.

SADC inayamba liti?
Lusaka, 1980, mayiko asanu ndi anayi.
Akuyankha ngati mayi ake akamathyola tiyi ku esiteti,
zala zokha zikuthamanga, maso ali kwina.
Cholinga chake?
Kuti tileke kupachika khosi pa dziko la tsankho la kummwera.
Dzina linasinthira kuti?
Windhoek, 1992. Likulu ku Gaborone.

1980.
Ndiye kuti ndife a chaka chimodzi, ine ndi bungweli.
Mnzangayo amayenda pa ndege,
ine mawondo ayamba kulira ngati chitseko cha kantini.

Sukulu ndinailekeza Sitandade 5,
mayiko ndimawadziwira m'akatumba.
Matumba atatu a nandolo kuchokera ku Milanje,
kukankha mpaka pa mlatho wa Muloza,
dzuwa likundilondola kumsana,
nalo lochokera ku Mozambiki, lopanda chiphaso.
Kope likuti katundu aziyenda momasuka.
Wa pachipata sanaliwerenge kopeli,
amagogoda thumba ndi ndodo, kenako akuti kwatentha lero,
ndipo ndimadziwa kuti ludzu lakelo ndi la ndalama zingati.
Jowaki wosintha ndalama pansi pa mango
amandimeta popita, amandimetanso pobwera,
tikuseka m'Chilomwe chimodzimodzi.

Werenga mamembala, mwana.
Angola, Botswana, Lesotho,
zala za dzanja latha, watembenukira linalo,
Mauritius, Seychelles, mayiko oyandama pa nyanja
kumene njinga yanga siidzafikako,
waŵerama, wabwereka zala zakuphazi.

Pamene bungweli linali ndi zaka zisanu ndi chimodzi
ine ndinali pa phewa la malume, usiku,
madzi a mtsinje womwewu ali m'khosi mwawo,
mfuti zikutsokomola kumbuyo.
Amayi anasenza mphasa ndi wailesi yopanda mabatire.
Tsidya lino a Namalomba sanatifunse pepala,
anangotulutsa mbuzi m'khola, anasesa,
akuti gonani, tiona kukacha.
Kunacha. Zaka zatha pafupifupi makumi anayi tikuonabe.

Chaka cha namondwe, phiri litasanza miyala,
mtsinje unaiwala pamene unauzidwa kuti uzidutsa.
Tinakumba m'matope ndi makasu, ife ndi a tsidya,
wina tinamupeza atakumbatira nthochi,
m'thumba mwake muli kwacha ndi metikali zonyowa.
Tinamuika m'manda a kuno
chifukwa ndi kumene kunali kouma.

Sindikunyoza, ayi.
Anthu akakhala pa tebulo limodzi
mfuti zimakhala zapachikidwa panja,
ndipo ine amene ndinamva kulira kwake
sindingapeputse tebulo.
Ndikungoti miyendo yake ndi yaitali,
zogwa pamenepo zimafika kuno zitazizira.

Khumi ndi asanu, ababa. Latsala limodzi.
Akukanda m'mutu, akuyang'ana kudenga
ngati dzikolo labisala m'malata.
Ndasuzumira m'kope mwakuba. Comoros.
Sindimuuza. Alipeze yekha, a Mulipa sadzamunong'oneza m'mayeso.

Ndiye wandiyang'ana, pensulo ili kukamwa:
Nanga inuyo, ababa, a kuno kapena a uko?

Ndatsegula tsamba lotsatira.
Pali mapu, malire wawajambula ndi bolopeni yofiira,
wakanikiza mpaka pepala labooka
pamalo penipeni pamene tikukhala.
Foni yalira kuti batire yatha.
Kagone, ndatero, mawa ndi tsiku la msika ku Limbuli,
tcheni sindinamange.

Ali m'chipinda, mumdima, ndamumva akufuula:
Comoros!