Wosoka Nsapato wa ku Bannu

Ndimasoka nsapato ziwiriziwiri
koma ine imanditha ndi imodzi.
Ya kumanzere imakalamba ili yatsopano,
chidendene chake sichilidziwa fumbi la Bannu.

Amayi ankati chaka chimenecho kunatentha koopsa.
Ndinagona masiku atatu thupi lili moto,
tsiku lachinayi ndinadzuka kuti ndithamangitse mbuzi,
mwendo unakana.
Unangoti lende, ngati chingwe chonyowa.
Anandifukiza, anandimangira mawu opatulika m'khosi,
dokotala wa ku Peshawar anangotchula dzina, poliyo,
kachilombo kobisala m'madzi akumwa,
natiuza kuti tachedwa.

Lero m'mawa kwabwera Zarghuna,
bokosi la katemera lili paphewa, ayezi akulira m'kati,
wapolisi wamfuti akumutsata pambuyo
ngati wanyamula ndalama za kubanki.
Wagogoda kwa Sherzaman, mnansi wanga.
Chitseko chayankha chili chitsekere:
"Ana kulibe, ali kwa amalume awo."
Anawo akusekera kuseri kwa khoma.
Iye amati madonthowo amapha mbewu ya munthu,
anamva pa foni
kwa wina amene nkhope yake sanaionepo.

Sindinakangane naye, pakamwa panali misomali.
Ndatsimphina ndi ndodo yanga mpaka pawindo pake,
ndapinda thalauza kufika m'bondo,
ndamusiya awerenge yekha.
Ndi iyeyo ankandibereka popita ku madrasa,
kulemera kwanga amakudziwa.
Wayang'ana kumbali.

Kenako ndaitana Brekhna wanga, wa zaka zitatu.
Wayasama ngati mwana wa mpheta.
Dontho.
Dontho lina.
Wakwinya nkhope, ati sizikoma.
Zarghuna wamupaka inki pa kachala kakumapeto
nalemba ndi choko pachitseko changa
manambala amene sindiwamva.
Mwana wathamanga kukaonetsa anzake chala,
ine ndatsala kuyang'ana miyendo.

Chitseko cha Sherzaman sichinatseguke.
Ndisaname, sichinatseguke.
Koma madzulo mkazi wake watulukira
ndi nsapato za mwana zoti ndimate,
ndalama waika pabenchi osawerenga,
ndipo potembenuka wafunsa chapansipansi,
nsalu ili kukamwa:
"Kodi mayi uja abweranso liti?"

Ndati Lachinayi.

Ndatenga tinsapatoto,
tonse tiwiri todyeka mofanana,
ndatitembenuza m'manja nthawi yaitali
ndisanalowetse ulusi m'singano.