Ndime Yachisanu ndi Chiwiri

Pa windo lachitatu, Dona Erimelinda sakweza maso.
Feni yakudenga ikungokankha mpweya wotentha
kuchoka kwa iwo kubwera kwa ine.
Akuti: Tsimikiza kuti ndiwe wosauka.
Nsapato zako si umboni, mwanawe. Tikufuna chidindo.

Ndinapita ku Domwe kukatenga umphawi wanga,
tsiku lathunthu m'basi, nkhuku ya eni ili pamiyendo.
Ndinabwera nawo mu envulopu yakhaki,
utasainidwa kawiri, utadindidwa pakona.
Ulendowo unadya makala a mwezi wonse.

Fomu ya bajeti ili ndi mizere isanu ndi umodzi:
fizi, lendi, chakudya, mabuku, mayendedwe, zina.
Woilembayo anayeza moyo wa wophunzira
ngati telala wosoka diresi la munthu amene sanamuonepo.
Lendi yake ndi ya chaka chimene ndinali kusekondale.
Abwere ku Matundo adzaone chipinda
chomwe timagawana ndi Anasitansiya wa ku Zobwe,
kumene malata amathetheka masana
ndipo usiku timathira madzi pamphasa kuti tigone.

Pa mabuku ndinalemba: fotokope.
Buku la malamulo a milandu ndi limodzi, ife tilipo asanu ndi anayi.
Tsiku langa ndi Lachinayi.

Pa "zina" anasiya malo okwana chala.
Ndipanikizemo bwanji maliro a azakhali,
mankhwala a malungo, yunifolomu ya Jerivaziyo,
ludzu la Novembala mu Tete muno
Zambezi akudutsa pansi pa mlatho osaticheukira?

Kalata inabwera mvula isanagwe.
Malinga ndi ndime yachisanu ndi chiwiri,
thandizo lanu ladulidwa pakati,
pakuti zopeza za banja lanu zaposa malire.

Zoona, mbatatesi inachita bwino chaka chatha.
Matumba makumi anayi, atate anavina m'munda.
Pepala linamva za kuvinako.
Silinamve za feteleza wangongole,
za mwini lole, za matumba khumi ndi awiri
amene anawolera pamsika wogula akudikira kuti tigonje.

Ndinalira pang'ono, kuseri kwa laibulale.
Kenako ndinakumbukira Dotolo Malizane, choko chili m'tsitsi,
akumenya bolodi: Lamulo ndi mawu, anthu inu.
Musaliope musanaliwerenge.

Ndinaliwerenga.
Ndimeyo ikuti zopeza. Siikuti zogulitsa.
Pakati pa mawu awiriwo pali dzenje
lokwanira chaka changa chachitatu chonse.

Atate anatumiza kope lawo ndi kondakitala,
chikuto chitathothoka, likununkha dothi la kwathu ndi parafini.
Manambala awo amatsamira ngati chimanga chamkuntho
koma sanama: chilichonse chili ndi tsiku lake,
ngakhale chingwe chosokera matumba.
Ndinalemba apilo pa kuwala kwa foni,
Anasitansiya akundikupiza ndi katoni,
akuseka: Mlandu wako woyamba, loya,
ndipo kasitomala wako alibe cholipira.

Lero ndabwerera pa windo lachitatu.
Dona Erimelinda atsegula kopelo, aima pa tsamba la feteleza.
Kwa nthawi yoyamba ndaona maso awo:
otopa, ofiira m'mbali, ngati a amayi pokolola.
Akuti motsitsa mawu: Nambala ya ndime ilembe pamwamba,
akuluakulu safika kumunsi kwa pepala.
Chidindo chagwa. Yalandiridwa.
Komiti idzakhala pansi mwezi wamawa, kapena winawo.

Sindinakwere basi.
Ndawoloka mlatho wapansi, risiti ili m'kamisolo,
malole akundiwuzira fumbi kumaso,
ndikuwerengera chamumtima:
ndalama ya basi imene ndasunga lero
ndi tomato atatu ndi kandulo,
kapena masamba khumi a fotokope.
Mawa ndi Lachinayi.