Kusamva Kuli Pawiri

Ku Ruatoria mvula ya Julayi sibwera kudzacheza, imasamukira.
Imalowa m'makoma, m'mabulangete, m'mphuno za ana,
ndipo chaka chimenecho inapeza malo mwa Hinewai wanga,
ine osadziwa.

Ndinkaitana ndili pakhonde, ndikuvula jombo zamatope:
Hinewai!
Zii.
Mwana ali chafufumimba, mphuno pagalasi la kanema,
phokoso lake lofika kwa aneba.
Ndinati ndi mwano.
Aphunzitsi ake, a Galbraith, analemba m'kope:
amalota masana, amayang'ana milomo ya anzake m'malo mwa bolodi.
Ndinam'landa njinga sabata yathunthu.
Sanalire. Anangondiyang'ana pakamwa
ngati munthu wowerenga kalata yonyowa.

Kusamva kuli pawiri, kwa mtima ndi kwa khutu.
Ine ndinatola kumene kunali pafupi.

Lachinayi lina galimoto yoyeza makutu inaima pasukulu.
Namwino Rangimarie anandiitanitsa kuchokera kodula mitengo,
utuchi udakali m'tsitsi.
Onani mzere uwu, anatero, uyenera kukwera n'kutsika
ngati phiri la Hikurangi.
Wa mwana wanga unali see, ngati thabwa.
Kuseri kwa nembanemba kwadikha madzi, onanda ngati ulimbo.
Sapweteka, n'chifukwa chake sanadandaule.
Tsekani makutu ndi zala, bambo.
Ndinatseka. Milomo yake inkayenda, mawu ali kutsidya.
Umo ndi mmene wakhala akukumverani.

Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu, amatero.
Tsiku limenelo nkhwangwa inasankha mutu wanga.

Anati tidikire miyezi itatu, nthawi zambiri amaphwa okha.
Tinadikira. Anam'khazika kutsogolo m'kalasi.
Ndinaphunzira kugwada ndisanalankhule,
ndinasiya kusutira fodya m'galimoto.
Madzi anakana.

Ku Gisborne, patatha maola awiri a msewu wokhotakhota,
anam'goneka tulo ta mankhwala,
n'kumuika timachubu tiwiri tochepera njere ya mpunga.
Tiyi wanga asanazizire n'komwe, anali atatuluka.

Pobwerera, ndikukhota pamphambano, anadzidzimuka:
Adadi, chikuti the-the-the n'chiyani?
Inali indiketa chabe.
Kunyumba anapeza kuti firiji imang'ung'udza,
zikhadabo za galu zimagogoda pansi,
mvula ili ndi mawu padenga.
Nditam'funsa ngati akufuna mkaka, anatseka makutu:
Mukukuwiranji?

Dzinja lotsatira chimfine chinandigwira ineyo,
chitapita chinasiya katundu wake kukhutu lamanzere.
Mawu anga ankagunda m'mutu ngati ndikulankhulira mu mgolo.
Ndikameza malovu, thapwa, kenako kutsekekanso.
Anzanga kuntchito ankaseka ndikayankha zanyengo
atandifunsa za petulo.
Mkazi wanga Mereana: ndakuuzani katatu!
Dokotala anasuzumira ndi kanyali mpaka kuseri kwa mphuno,
ati wamkulu likatsekeka khutu limodzi sitingoyang'anira.
Sanapeze choopsa. Anati dikirani.

Madzulo amenewo Hinewai anandiitana ali kuchipinda.
Sindinamve.
Sanabwereze mokuwa.
Anabwera, anazimitsa wailesi,
anazungulira mbali ya khutu labwino,
anandigwira chibwano ndi timanja tonunkha malalanje,
nati pang'onopang'ono, kuti ndione mlomo uliwonse:
A-da-di. Cha-ku-dya.

Sanandilande kanthu.

Kachubu kamodzi kanagwa kokha mwezi wa Epulo,
tinakapeza papilo, kabuluu, kongokwana pa nsonga ya chala.
Kena sitidziwa kumene kanapita.
Ndimakasunga m'bokosi la machesi, m'galimoto,
pamodzi ndi kiyi wa loko uja
ndinatsekera njinga.