Pansi pa Thaulo

Bambo anga, a Ogiwara, ali ndi ampulifaya
yolemera ngati mwana wa zaka zinayi.
Imakhala pa desiki, m'chipinda cham'mwamba kuno ku Osaka,
mababu ake anayi ali psuu ngati makala.
Sankailiza isanatenthe.
Mphindi makumi awiri: amwe tiyi, apukute magalasi,
kenako avale mahedifoni
mwa ulemu wa munthu wovula nsapato pakhomo la kachisi.

Ine kanga ndimayenda nako m'thumba la jekete,
kabokosi kochepa ngati ka machesi,
kolendewera ku foni ndi kachingwe kafupi.
M'sitima ya m'mawa, mopanda poika chigongono,
kamandipatsa piyano yathunthu.

"Chihaya," ankatero, "kachidole kakoko
kamangokuuza kuti nyimbo ilipo.
Yangayi imakuuza pamene woimba waima,
kutalika kwa denga la holoyo,
ndi pomwe wameza malovu."

Lamlungu lina la mvula ndinawatchera msampha.
Ndinaphimba zonse ziwiri ndi thaulo,
ndinalinganiza voliyumu kuti pasakhale kukondera,
n'kumasintha waya iwo atatsinzina.
Kakhumi. Anakhoza kanayi kokha.
Ulendo wachisanu ndi chiwiri anamenya desiki:
"Iyi ndiye yanga! Tamva besiyo, ikutumphuka pansi pa nthaka!"
Kanali kanga.

Sanakalipe. Anapinda thaulo lija bwinobwino,
n'kunena kuti linkabanikitsa mababu.
Za nyimbo sitinakambenso mpaka dzinja la kuno litatha.

Komatu si zonse ankanama.
Mahedifoni awo aakulu aja, adyera ndi magetsi,
ndikawalumikiza ku kanga, poyamba zinkayenda,
koma ng'oma ndi malipenga zikadzukira pamodzi
kankapuma wefuwefu, mawu n'kuunjikana pakhomo limodzi,
batire n'kutentha m'dzanja ngati dzira lowiritsa.
Izi sindinawauze.
Nanenso ndine mwana wa mwini.

Chaka chino ali pa bedi la kuzenera,
m'chipatala choyang'ana mtsinje wa Yodo.
Namwino, a Kuwabara, akuti soketi ndi ya makina a mpweya,
chimphona cha mababu chikhale kunyumba.
Ndiye ndinabweretsa kanga.
Anakayang'ana monga amayang'anira phala la mpunga lopanda mchere
lomwe amawapatsa m'mawa uliwonse.

Ndinawaveka timahedifoni tanga topepuka.
Khutu lamanzere linasiya kale kumva mawu oonda a pamwamba,
dokotala anatero, iwo anakana.
Vayolini inayamba.
Anatsinzina, tsopano popanda wowauza.
Chala chokhala ndi kachipangizo koyezera mtima
chinkagunda bulangete, chikutsalira pang'ono m'mbuyo.

Itatha anati, "Denga latsika.
Ndipo woimbayu wandiyandikira kwambiri,
ngati akufuna kundibwereka ndalama."
Anakhosomola. Ndinawamwetsa madzi.
Kenako: "Bwezera."

Ndinabwezera kasanu,
mpaka kagetsi kofiira kanayamba kuphethira,
kabokosi n'kuthima pakati pa chiganizo cha woimba.
Iwo anapitiriza kugunda bulangete mpaka kumapeto,
osaphonya pamene nyimbo ikanathera.

Usiku ndakwera m'chipinda chawo.
Fumbi lagona pa mababu; ndapukuta ndi mkono wa juzi.
Ndayatsa. Ndadikira mphindi makumi awiri zija,
ndi tiyi m'kapu yawo yong'aluka mlomo.
Ndavala mahedifoni olemera, akununkhabe mafuta a m'mutu mwawo.

Zoona, denga lakwera.
Woimba wabwerera masitepe atatu, wameza malovu, ndamumva.
Kapena ndangofuna kumumva.
Thaulo lilipo, lopinda, pa shelefu pomwe analisiya,
koma palibe wondisinthira waya ine nditatsinzina.

Pambali pa chimphonacho ndaika kabokosi kanga pa chaja.
Maola oonera odwala amayamba 2 koloko,
ndipo anati mawa ndibwere nako kodzaza.