Pansi pa Zilembo

Anabwera nayo m'mawa ikutsokomola fumbi la ku Bangula,
pikapu yoyera ya bungwe lija linalongedza n'kupita.
Mayi Alufazema anaigula pa okushoni
ndi mbuzi zawo komanso thonje la zaka zitatu.
Anati: Zuze, undichotsere zilembozi.
Ndatopa kuimitsidwa pamsewu
ndi anthu ofunsa kuti ufa ubwera liti.

Sindinathamangire mpeni.
Mpeni sudziwa pothera pepala ndi poyambira penti.
Akuti ku Blantyre ali ndi makina opemerera moto;
ife kuno ku Ngabu tili ndi dzuwa la Okutobala, laulere.
Ndinaikankhira pamtetete, kutali ndi mthunzi wa nimu,
n'kukhala pa tayala, kudikira
mpaka chitseko chinakana dzanja.
Guluu akamva kutentha amafewa mtima.

Ndinayambira pakona, ndi chikhadabo,
kenaka khadi langa lakale la kubanki
lomwe lapeza ntchito lero chilitengereni.
Osakoka mokweza ayi.
Kuchipinda chomatacho chigone chagada,
kumachinyengerera,
monga pochotsa bandeji pabondo la mwana
uku ukumufunsa za mpira.

Panali manja awiri ogwirana chanza.
Limodzi linachoka bwinobwino.
Linalo linang'ambika pachala,
linakakamira chitseko mpaka masana.

Chizindikiro chachitsulo cha kumbuyo chinafuna nzeru zina.
Ndinabwereka nayiloni ya mbedza kwa Fatchi,
yonunkhabe mlamba wa mu Shire,
n'kuilowetsa kuseri kwake,
uku ndi uku, uku ndi uku,
mpaka chinagwera m'chikhatho ngati dzino la mkaka.

Chotsala ndi ulimbo wakuda uja.
Fatchi anati, thira petulo, tiweruke.
Ndinakana. Petulo ndi thina ndi apolisi aukali:
pothamangitsa mlendo amatenga ndi mwini nyumba yemwe.
Madontho a mafuta ophikira pakansanza kofewa,
kuzunguza, kupuma, kuzunguzanso,
sopo, ndi madzi a pamjigo.

Potsuka m'pomwe ndinachiona chibowo pabodi,
chooneka ngati khutu.
Ndinalowetsamo chala. Chinakwana monga kale.
Chaka cha madzi chija ndinagwira pomwepa,
titathinana anthu khumi ndi asanu ndi mtolo umodzi,
mayi anga atafungatira wailesi yonyowa
yomwe sinayankhulenso.
Sindinamuuze Fatchi. Ndinangopempha ndowa ina.

Itauma ndinabwerera m'mbuyo mapazi asanu.
Palibe chokandika, olo kamzere.
Koma pomwe panali zilembo
penti inali yoyera kuposa inzake,
sinalawepo dzuwa la kuno zaka zisanu ndi ziwiri.
Dzina lonse linali pomwepo, loyera pa zoyera,
ndi manja awiri aja, akugwiranabe.

Mayi Alufazema anafika chakumadzulo,
anavala magalasi, anapendeketsa mutu.
Zikuwerengekabe, anatero.
Ndinati: Mayi, zanga ndathana nazo.
Zotsalazi sizichoka ndi dzanja.
Muziimika padzuwa, musamaibise.
Pofika thonje lachiwiri zidzakhala zitafanana.

Anawerenga ndalama kawiri, n'kuchotsapo ya mafuta ophikira
poti anali ochokera muokala yawo.
Tinakweza mbuzi zinayi ndi thumba la mapira.

Pamene inkakhota kulowa mumsewu wa tala,
mkulu wina amene anakhala pansi pa mlambe
anadzuka, nakutumula thumba lake lopanda kanthu,
nayang'anitsitsa chitseko chija,
osadziwa ngati akweze dzanja.